Mwana wanga walowa University Air Squadron osandiuza: kodi gulu limeneli linachokera kuti?

NaPhiri_Salford

Abale anga a pano, ndithandizeni nzeru, ine mutu waima.

Mwana wanga wachisamba, mtsikana wa zaka 19, ali chaka choyamba pa yunivesite ku Liverpool, akuphunzira za uinjiniya. Loweruka lapitali anabwera ndi chikwama chodzaza zovala zakuda, paja ana a kuno amachita ngati ku sukuluko kulibe madzi. Ine ndinali nditangoweruka ya usiku, maso ali psuu, ndikungoponya zovalazo m'makina osayang'ana. Pansi penipeni pa chikwamacho ndinagwira chinthu cholimba. Kutulutsa, ndi nsapato zakuda zonyezimira ngati za wapolisi wapamsewu, atazikulunga ndi thawulo langa lomwe ndakhala ndikulifunafuna kuyambira Okutobala. Pambali pake malaya abuluu ndi kachipewa kaja kopanda mlomo ka asilikali, kali ndi baji ya RAF, gulu la asilikali a ndege la ku Britain kuno.

Ndinakamudzutsa. Iye osatekeseka n'komwe, akuyasamula: "Mami, ndi UAS basi, ndimati ndidzakuuzeni pa Khirisimasi." Akuti University Air Squadron. Akuti anawapeza tsiku lija magulu onse a pa yunivesite amayala matebulo kukopa ana atsopano, tebulo lawo lili pakati pa a kwaya ndi a mpira wamanja, ndiye analembetsa dzina. Anamufunsa mafunso, anamuyeza m'thupi, anamuthamangitsa, mpaka anakalumbira kuti adzakhala wokhulupirika kwa Mfumu Charles. Kulumbira! Mwana amene kuti atsuke mbale ziwiri pamafunika msonkhano.

Akuti madzulo a tsiku limodzi pa sabata amakumana n'kumaphunzira, ndipo masiku ena amapita ku bwalo la ndege la Woodvale kufupi ndi Southport kukaphunzira kuulutsa ndege. Salipira kalikonse, m'malo mwake iwowo ndi amene amamupatsa kangachepe pa tsiku lililonse lomwe wakhala kumeneko. Ndipo akulimbikira kuti sanalowe usilikali, atha kusiya mawa lomweli, ngakhale nkhondo itabuka palibe angamutenge.

Apa ndi pomwe ine sindikumvetsa. Ndakhala dziko lino zaka 22 ndipo sindinaonepo boma la kuno likupereka chinthu chaulere popanda chingwe kumbuyo. Mafuta a ndege ndi ndalama zambiri. Mphunzitsi wake ndi ndalama. Ndiye amuphunzitse, amudyetse, amuveke, kenako angoti pita bwino ukagwire ntchito kumene ukufuna? Ine ndinakulira nthawi ya apayoniya, ndinali Fomu 3 mu Disembala 1993 pomwe asilikali anakathana nawo ku Lilongwe, ndiye ndikaona wachinyamata wavala yunifolomu yaboma koma akunena kuti si msilikali, thupi limandichita tsembwe. Kuonjezera apo, chigwereni ndege ija ku Chikangawa mu Juni 2024, mawu oti ndege yaing'ono sindifuna kuwamva.

Amene mukudziwa, gulu limeneli linayamba liti, analiyambitsa ndani, ndipo ankafuna chiyani? Kodi n'zoona kuti sangamutenge kunkhondo? Agogo ake ku Ntcheu sindinawauze, BP yawo ndikuidziwa.

Mphunzitsi_Wopuma_Bham

A NaPhiri, choyamba imwani madzi, mtima ukhale pansi. Mwana wanuyo sadakunamizeni. Koma nanunso simudalakwe kufunsa za chingwe, chifukwa chilipo, kungoti n'chopota mochenjera. Ndiloleni ndiyambire kutali, mudziwa aphunzitsi sititha kuyankha mwachidule.

RAF idabadwa pa 1 Epulo 1918, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili pafupi kutha. Nkhondo itatha boma lidalibe ndalama, ndipo akuluakulu a asilikali apamtunda ndi apamadzi ankafuna kakhandaka kafe, ndege zibwerere m'manja mwawo monga zidalili kale. Mkulu wa RAF nthawi imeneyo, Hugh Trenchard, adaona kuti pogula ndege zambiri sangawapose. Mu 1919 adalemba chikalata chofotokoza m'mene RAF ikhalire pa nthawi yamtendere, ndipo ndalama zochepa zomwe adali nazo adazithira pa anthu. Adatsegula koleji ya maofisala ku Cranwell mu 1920. Adakhazikitsa sukulu ya anyamata okonza ndege ku Halton. Adayambitsa magulu a oyendetsa ndege ogwira ntchito zawo mkati mwa sabata n'kumauluka Loweruka ndi Lamlungu, aja a Auxiliary Air Force. Kenako adayang'ana ku mayunivesite.

Nzeru imeneyi sidali yatsopano kwenikweni. Asilikali apamtunda adali kale ndi Officers' Training Corps m'mayunivesite kuyambira 1908, yomwe adakhazikitsa nduna ya zankhondo Richard Haldane. Trenchard adangoti nafenso tikhale ndi yathu. Gulu loyamba lidatsegulidwa ku Cambridge pa 1 Okutobala 1925, la ku Oxford lidatsatira patangopita masiku 10, pa 11 Okutobala. La ku London lidadikira mpaka 1935. Choncho chinthu chomwe mwana wanu walowachi chidakwanitsa zaka 100 mu 2025.

Tsono taonani kumene adayambira. Sadapite ku Liverpool kapena ku Salford kwanuko. Adapita ku Cambridge ndi Oxford, kumene masiku amenewo kunkaphunzira ana a anthu olemera, omwe mawa lake adzakhale aphungu, nduna, oweruza milandu, eni manyuzipepala ndi akatswiri a sayansi. Trenchard ankafunadi ena mwa iwo alowe RAF, koma ngakhale osalowawo adali phindu. Munthu amene ali ndi zaka 20 adaulukapo pamwamba pa mitambo ndi ndege ya RAF, akadzakhala nduna ya zachuma ali ndi zaka 55, dzanja limalemera posaina zodula ndalama za RAF. Chingwe chija n'chimenechi, mayi. Si cha pakhosi, ndi cha pamtima. N'chifukwa chake poyamba magulu amenewa adali ngati kalabu chabe: mamembala ake adali anthu wamba, osati asilikali, ndipo sankakakamizidwa chilichonse. A ku Cambridge ankakaulukira ku Duxford, a ku Oxford ku Upper Heyford kenako ku Abingdon, pa ndege za mapiko awiri osanjikizana monga Avro 504, zokutidwa ndi nsalu, woyendetsa mutu uli pamtunda.

Pano pali nkhani imodzi yomwe ndinkakonda kuuza ana a Fomu 4. Mu Febuluwale 1933 ophunzira a ku Oxford adachita mtsutso m'bwalo lawo la Oxford Union, ndipo mavoti 275 kwa 153 adagwirizana kuti zivute zitani, sadzamenyera nkhondo Mfumu ndi dziko lawo. Dziko lonse lidagwedezeka. Koma pa yunivesite yomweyo, zaka zomwezo, anyamata ankalimbirana malo mu Air Squadron. Ambiri sankaganiza za nkhondo, ankangofuna kuuluka ulere.

Zinthu zidasintha Hitler atayamba kuopsa. Mu 1936 kudakhazikitsidwa RAF Volunteer Reserve, gulu la asilikali okhala kunyumba kudikira kuitanidwa, ndipo ophunzira amene adafika podziwa bwino ndege ankatha kulandira uofisala m'gulu limenelo. Ambiri adasaina mokondwa. Nkhondo itabuka mu Seputembala 1939, magulu a m'mayunivesite adatsekedwa, ndipo osaina aja adaitanidwa. Mmodzi adali Richard Hillary wa ku Trinity College ya ku Oxford, mnyamata wokonda kupalasa bwato. Pa 3 Seputembala 1940 ndege yake ya Spitfire idaomberedwa, adapsa nkhope ndi manja, madokotala adamusoka kwa miyezi yambiri, adakakamira kubwerera ku ndege, ndipo adafa pa ngozi mu Januwale 1943 ali ndi zaka 23. Wina dzina lake mukulidziwa ngakhale simudziwa kuti mukulidziwa: Leonard Cheshire. Ankaphunzira zamalamulo ku Merton College, adaphunzirira ndege mu Air Squadron ya Oxford, adayenda maulendo 100 oponya mabomba, adatsogolera 617 Squadron, adalandira mendulo yapamwamba ya kulimba mtima ya Victoria Cross mu 1944, ndipo pa 9 Ogasiti 1945 adali m'ndege yoonerera pamene bomba la nyukiliya lidagwa ku Nagasaki. Mu 1948 adatenga munthu wodwala khansa wosowa kolowera n'kumusunga m'nyumba mwake ku Hampshire. Kumeneko ndi kumene kudachokera Cheshire Homes, yomwe ife a ku Blantyre tinkaidziwa chifukwa cha ana olumala, ndipo anzathu a ku Chipata ali nayo. Iyeyo adapulumuka, koma mwa anthu pafupifupi 125,000 amene adauluka m'ndege zoponya mabomba za Bomber Command, 55,573 sadabwerere.

Boma lidazindikira msanga kuti lidalakwitsa kutseka magulu aja. Adatsegulidwanso, ndipo mu 1941 adamera ngati bowa: Glasgow, Edinburgh, Aberdeen, Belfast, Leeds, Manchester, Birmingham, Bristol, ndi la ku Liverpool lomwe mwana wanu alimo. Adapitirira 20. Nthawi imeneyo sikudalinso zakalabu. Mnyamata wosankhidwa kuti adzakhale woyendetsa ndege ankatumizidwa ku yunivesite miyezi 6 yokha, kuphunzira pang'ono za m'kalasi uku akuguba, kenako ulendo.

Nkhondo itatha ena adatsekedwa, ena adaphatikizidwa. Ndege zidasintha: Tiger Moth idasiyira Chipmunk cha mu 1950, Chipmunk idasiyira Bulldog yopangidwa ku Prestwick kuyambira 1973, ndipo kuyambira 1999 ndi Grob Tutor ya ku Germany. Lero magulu alipo 15, ndipo lililonse limatenga ophunzira a mayunivesite angapo oyandikana. La kuno ku Birmingham limaulukira ku Cosford, ndimaziona tindegeto ndikapita kukaona ndege zakale ku museum ya kumeneko ndi adzukulu.

Funso lanu lenileni: membala wa lero amalembedwa mu Volunteer Reserve ngati Officer Cadet, n'chifukwa chake adalumbira, koma ali m'gawo lomwe saitanidwa kunkhondo, ndipo akhoza kuchoka. Anyamata a 1939 aja adaitanidwa chifukwa cha pepala lina lomwe adasaina okha pamwamba pa umembala. Inu muziyang'anira pepala lachiwirilo.

Kambuzi_Luton

Aphunzitsi mwalongosola bwino koma mwakometsera. Nsomba nayo siikakamizidwa, imadya nyambo mwa kufuna kwake. Mwana wa zaka 19 mwamukweza ndege, mwamupititsa kukatsetsereka pa chipale chofewa ulere, mwamupatsa anzake oti azigona nawo m'matenti, ndiye pakutha pa zaka ziwiri muzimufunsa ngati akufuna kulowa? Chikomekome cha mkuyu. Achemwali, ine wanga ndikanamutulutsa lero.

Tiya_MCR

Anti, pepani ndilowerere nkhani ya akuluakulu, koma ine ndinali momwemo zaka ziwiri, m'gulu la Manchester and Salford. Timagwiritsa ntchito bwalo lomwelo la Woodvale ndi a ku Liverpool. Chichewa changa ndi cha kukhitchini kwa amayi, mundikhululukire pomwe ndaphonya.

Choyamba, kuuluka kwenikweniko ndi kochepa kuposa m'mene mukuganizira. Kale UAS inkapereka maphunziro oyamba enieni a oyendetsa ndege a RAF, moti munthu pomaliza digiri amakhala atadutsa kale gawo loyamba. Cha mu 2005 anasintha, anati zimenezo zizichitika munthu akalowa RAF, ndipo ku UAS kunatsala maola ochepa pa chaka. Nthawi yambiri mumakhala pansi: kuphunzira za nyengo, kuwerenga mapu, kuguba, masewera, kukwera mapiri, kuyankhula pagulu. Ndiye onjezerani mvula ya kuno. Ndinadzukapo 5 koloko m'mawa kangapo, kukwera sitima ziwiri, kufika ku Woodvale, kuvala zonse, n'kukhala tsiku lonse m'chipinda chodikirira ndikumwa tiyi chifukwa mitambo yatsika.

Kandegeko ndi ka mipando iwiri yogundizana, injini imodzi kutsogolo, denga lake lagalasi. Wophunzira amakhala kumanja, mphunzitsi kumanzere, aliyense ali ndi ndodo yake yowongolera. Musanakwere amakuveka parachuti ndi chisoti, ndipo amakuyeserera kambirimbiri m'mene ungatulukire zinthu zitavuta, mpaka umazilota. Pali mawu amene simungawaphonye: mphunzitsi akati "you have control" umayankha "I have control", ndipo akafuna kuilanda amanena, iwe n'kuchotsa manja pomwepo. Aphunzitsi ambiri ndi akuluakulu oti anayendetsapo ndege zankhondo zaka zambiri, ena imvi zili mbuu. Wanga ankalankhula motsitsa ngati abusa ngakhale ndege itazondoka. Ulendo wachiwiri ndinasanza m'kathumba, iye anangoti tsekula kamphepo, yang'ana kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo.

Tsiku lomwe sindidzaiwala ndi lomwe tinatera, iye n'kumasula malamba ake, kutsika, n'kundiuza kuti zungulira kamodzi wekha. Mpando wa kumanzere uli mbee. Ndege inanyamuka msanga kuposa masiku onse chifukwa kulemera kwachepa, ndipo ndinazindikira kuti ndikuimba nyimbo ya Chitsitsimutso mokweza ndekhandekha pamwamba pa mchenga wa ku Formby. Mphindi zosakwana 10. Amayi anga ndinawauza patapita sabata.

Za ngozi sindikunamizani kuti kulibe. Mu Febuluwale 2009 ndege ziwiri za mtundu womwewu zinawombana m'mwamba kufupi ndi Porthcawl ku Wales, anthu anayi anamwalira, awiri mwa iwo atsikana achichepere a air cadets, gulu la ana asukulu ophunzira za ndege. Sanali a UAS, koma ndege zake ndi zomwezi. Pambuyo pake anaikamo zida zochenjeza ndege ina ikayandikira. Nkhani imeneyi amatiuza okha pa maphunziro, sabisa.

A Kambuzi akunena zoona pang'ono, cholinga chokopa chilipo ndipo palibe amabisa. Koma mwa amene tinalowa limodzi, amene anapita ku Cranwell ndi owerengeka. Ena ndi madokotala, ena maloya, ine ndimawerengera ndalama pa kampani ina. Nditanena kuti ndikusiya chifukwa chaka chomaliza chinandipanikiza, anandiuza kuti ndibweze yunifolomu, basi. Ngakhale foni yondinyengerera sanaimbe, mwina ndinali woyendetsa woipa, kaya.

Pepala lachiwiri lomwe akunena aphunzitsi lija dzina lake ndi bursary. RAF imapereka ndalama kwa ophunzira ena amene yawasankha kale kuti akamaliza adzalowe ntchito. Amenewo amakhala nafe mu UAS momwemo, yunifolomu yofanana, koma iwo ali ndi pangano. Mufunseni mng'ono wangayo mwachindunji ngati wafunsira bursary. Ngati ayi, ali mfulu. Ndipo ngati mtima wake uli komweko, atsikana anatsegula kale njira: Jo Salter anayamba kuyendetsa ndege yankhondo ya Tornado m'ma 1990, ndipo Kirsty Moore, mkazi woyamba kuyendetsa ndege mu Red Arrows, gulu la RAF lochita zionetsero m'mwamba, mu 2010, anadzera mu Air Squadron ya ku London ali ku Imperial College.

Bambo_a_Yamikani_Indiana

Achemwali, thokozani kuti muli ku Britain. Kuno ku America zofanana nazo zilipo, dzina lake Air Force ROTC (maphunziro a uofisala wa asilikali a ndege m'mayunivesite), koma kuno ndi ukwati weniweni, si chibwenzi.

Mizu yake ndi yakale. Lamulo la Morrill la 1862, lomwe linapereka malo omangapo makoleji a zaulimi ndi zaumisiri, linati m'makolejimo aziphunzitsanso zausilikali. ROTC yeniyeni inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1916. Ya zandege inayamba pakati pa 1920 ndi 1923 m'masukulu ochepa monga Berkeley, MIT, Georgia Tech ndi Texas A&M, nthawi imeneyo ndege zikadali pansi pa asilikali apamtunda, poti US Air Force inadzaima payokha mu 1947. Kusiyana kwake ndi kwanuko n'koti kuno ROTC ndi msewu waukulu wopangira maofisala, osati kalabu yokopera anthu. Zaka ziwiri zoyamba mwana atha kulawa n'kusiya ngati sanalandire sikolashipu. Kenako amapita ku maphunziro a m'chilimwe ku Maxwell, ku Alabama, akabwerako amasaina, ndipo tsiku lolandira digiri amalandiranso nyota ya Second Lieutenant. Akatero ndi zaka 4 za ntchito, koma woyendetsa ndege ndi zaka 10 kuchokera pomwe wamaliza kuphunzira kuuluka. Wanga wachiwiri anabwera ndi mapepala amenewa chifukwa fizi ya kuno ndi yoduladula. Tinawerengera limodzi pa tebulo, anaona kuti akadzamasuka adzakhala atadutsa zaka 30, anakatenga ngongole m'malo mwake. Mpaka lero sindidziwa ngati tinasankha bwino, ngongoleyo tikulira nayo.

Kunonso zinakhalapo zowawa. Nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam ophunzira ankaona ROTC ngati dzanja la nkhondo pakati pa sukulu. Ku Kent State, ku Ohio kuno pafupi, nyumba ya ROTC inatenthedwa pa 2 Meyi 1970, ndipo pa 4 Meyi asilikali a National Guard anapha ophunzira anayi. Mayunivesite ena otchuka monga Harvard anaichotsa ROTC kwa zaka pafupifupi 40. Koma njira yomweyi ndi imene anadzera Charles Q. Brown, amene anamaliza ku Texas Tech mu 1984 n'kudzakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera US Air Force mu 2020.

MwanaWaMuBhurandaya_Gweru

Ine za mayunivesite sindizidziwa, koma aphunzitsi atanena kuti anyamata aja akatha miyezi 6 "kenako ulendo", ndinaseka, chifukwa ulendowo ena unkathera pakhomo pathu. Ku Britain kunali mitambo ndi ndege za adani, ndiye ophunzira ankatumizidwa kunja: Canada, South Africa, ndi kuno ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe) kuyambira 1940. Ku Salisbury (lero Harare) kunali mabwalo a ndege a Belvedere ndi Cranborne, ku Bulawayo kunali Induna, Kumalo ndi Heany, kuno ku Gwelo (lero Gweru) kunali Thornhill, Moffat ndi Guinea Fowl. Tony Benn, wandale wotchuka uja, anasiya maphunziro ku Oxford n'kudzaphunzirira ndege kuno.

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito, ndipo ankachapa ndi kusita zovala za anyamata amenewa. Ankati anali ana enieni, ndevu zisanamere bwino, ofiira ndi dzuwa ngati nkhanu, ndipo ndege zawo zachikasu zinkalira kuyambira m'bandakucha. Chimene ankakumbukira kwambiri si ndege ayi, koma kuti nthawi zina umasita malaya a munthu Lolemba, Lachitatu n'kukuuza kuti uwapinde uwaike m'bokosi, mwini wake wagwa kutchire. Manda awo alipo kuno mpaka lero. Iwo agogo ndege sanaikwerepo moyo wawo wonse, munthu wakuda ankangofika poikankha ndi poilondera usiku. Ndiye mayi, ine nditawerenga kuti mdzukulu wa ku Ntcheu akuiyendetsa yekha, sindikudziwa kuti ndikuuzeni kuti muope kapena muimbe nthungululu.

NaPhiri_Salford

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri, za aphunzitsi ndinachita kusindikiza kuntchito. A ku Gweru mwandiliza pa basi, anthu mpaka kumandiyang'ana.

Ndinatsatira malangizo a Tiya. Lachisanu ndinamuimbira n'kumufunsa mosazungulira za bursary. Anakhala chete pang'ono, kenako anati sanafunsire, koma fomu yake anaiona ndipo "akuganizira". A Kambuzi, pamenepo ndinakukumbukirani. Sindinakalipe, ngakhale mawu anali atafika kale pakhosi. Ndinamuuza za anyamata a 1939 aja, kuti amene anawatenga ndi amene anasaina pepala lachiwiri dzuwa likuwala. Tinapangana kuti pepala lililonse lochokera kumeneko lizifika kaye pa tebulo la kukhitchini kwanga, tiziliwerenga tonse ndi bambo ake mzere ndi mzere, ndipo chaka chino sasaina kanthu. Kumutulutsa sindingathe, ndi wamkulu, komanso ndikamuletsa adzangophunzira kubisa bwino nsapato.

Dzulo ndinali pa ofu, ndiye ndinayendetsa galimoto mpaka ku Woodvale osamuuza, nanenso ndili ndi zinsinsi zanga. Bwaloli lili m'mbali mwa msewu wochokera ku Formby kupita ku Southport. Ine ndimayembekezera zipupa zazitali ndi mizinga, koma ndi dambo lathyathyathya la udzu, mpanda wawaya, nyumba zingapo zakale ndi kansalu kaja kosonyeza mphepo kali lendelende. Ndinaima pambali ndi fulasiki yanga ya tiyi pafupifupi ola lathunthu. Kenako kandege koyera kanatulukira, kakang'ono moti mapiko mutawachotsa kangakwane pa malo oimika minibasi, kulira kwake ngati chigayo cha dizilo chakutali. Kanathamanga, kananyamuka, kanapendama kulowera kunyanja, kanazungulira n'kubwera kudzagunda pansi, kenako m'malo moima kananyamukanso. Kanachita zimenezi kasanu. Ulendo wachitatu kanadumpha potera ngati chule, ine tiyi yense pa siketi. Sindikudziwa ngati munali mwana wanga m'menemo, sindinamufunse, ndipo mwina ndi bwino.

Agogo ake ndawauza m'mawa uno pa WhatsApp. Ndinayamba ndi kuzungulira, za sukulu, za nyengo, kenako ndinangoti mdzukulu wanu akuphunzira kuyendetsa ndege ya asilikali a kuno. Anakhala chete mpaka ndinayesa netiweki yadula. Kenako anafunsa ngati amadya asanakwere, chifukwa mwana ameneyu kuyambira ali wamng'ono amachita chizungulire akakwera galimoto ndi njala. Funso lachiwiri linali loti malaya a yunifolomuyo akumusitira ndani. Ndinawauza kuti akusita yekha, mpaka mizere ya m'manja kuongoka ngati mpeni. Zoyendetsa ndege anakhulupirira, koma zositazi akuti ndiwatumizire vidiyo.

Tiya mwanangu, ndikufunseko chimodzi: nsapato zija amapolisha ndi chiyani kuti ziziwala choncho? Ndikufuna ndimugulire zake, thawulo langa libwerere.